Mbewu Yopaka Utoto

Fungo la mwaye likandipeza, ngakhale m'tauni muno, ndimaona agogo Zuwana, amayi a mayi anga, amene anandilera kwa Mlolo. Kudenga la khitchini yawo kunkalendewera chimanga cha mbewu chomangidwa ndi makoko ake, chakuda bii ndi utsi, iwo ali pansi pake akusuta fodya moto uli m'kamwa, monga ankachitira amayi akale ochokera ku Mozambiki. Sanali munthu woseka wamba, ndipo ine ndinkawaopa kuposa aphunzitsi.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, madzi anasefukira n'kukokolola nkhokwe zonse. Pothawira kumtunda anthu ananyamula mabulangete ndi mawailesi, koma agogo anasenza mtsuko wa mbewu yawo. Mbuzi yathu imodzi inapulumukira m'bwato.

Madzi ataphwera, tonse tinadalira kudimba. Kwathu kuchigwa chinyontho sichidikira munthu. Ukabzala mbewu yosamera, pomadzazindikira nthaka imakhala itauma gwa, ndiye kuti njala mpaka chaka chamawa. Vuto linali lakuti mbewu ya agogo inkangokwana theka la dimba.

Ndiye kunatulukira bambo wina panjinga yamoto, shati yoyera mbee, atanyamula mapaketi a mbewu yobiriwira. Ankati ndi yamakono, yocha msanga, ndipo poti anthu analibe ndalama, ankalandira mbuzi ndi nkhuku. Pakamwa pake panali potsekemera, moti anthu anakhamukira. Malume Zuze, mwana wamwamuna wa agogo, anali atayamba kale kukoka mbuzi ija.

"Taima, Zuze," anatero agogo. "Bambo, tandithirirani pang'ono m'manjamu."

Munthu uja anathira akuseka. "Amayi, izi n'zasayansi, si zakumudzi ayi."

Agogo anathira madzi m'manjamo n'kutikita mpaka utoto unasungunuka. Bambo uja anafulumira kunena kuti utotowo ndi mankhwala, umachoka ndithu. Koma agogo sankayang'ana utoto. Ankatola njere imodziimodzi.

"Kakang'onoka n'kakunsonga. Yobulungirayi njakutsinde. Ndani amasunga mbewu yakunsonga? Ngakhale mdzukulu wangayu amadziwa kuti timatonola zapakati." Kenaka anandionetsa kabowo panjere ina. "Umu nankafumbwe anadyamo kale. Ichi n'chimanga chakumsika. Uthambi!" M'Chisena chawo, ankatanthauza kuti bodza.

Anthu sanakondwe. Mayi Fulanzi, oyandikana nawo dimba, anakuwa: "Agogo, munaphunzira kuti inu? Paketiyi yalembedwa Chizungu!" Malume anawanong'oneza kuti: "Mayi, mukutichititsa manyazi. Mudzi wonse upusitsidwe, inu nokha n'kuchenjera?"

"Nkhabe," anakana agogo. "Chizungu sindiwerenga, koma chimanga ndimawerenga. Kamangirire mbuziyo."

Ndisaname, nanenso ndinachita manyazi. Ndinkaifuna mbewu yobiriwirayo, ndipo mumtima ndinkati nkhalambayi itiphetsa ndi njala chifukwa cha makani. Tinabzala theka lathulo, theka linalo tinabzala mbatata, ine nkhope ili ndwii.

Patatha sabata, chimanga chathu chinamera phando lililonse, mizere yake yooneka bwinobwino uli patali. M'madimba mwa anzathu munali apa kamodzi, uko kamodzi. Foni ya bambo uja sinkapezekanso, mbuzi za anthu zitapita naye. Ndinaona Mayi Fulanzi atakhala pansi pakati pa dimba lawo, akufukula phando ndi chala, n'kutulutsa njere yowola. Malume Zuze masiku amenewo ankayenda choweramira.

Ine ndinkayembekezera kuti agogo awaseka anthu aja, chifukwa ndikanakhala ine ndikanatero. Koma titakolola, anasankha chimanga chonenepa, n'kutuma malume kukagawa khomo ndi khomo. Kwa Mayi Fulanzi anapita okha, ine ndili pambuyo.

"Ichi chilibe Chizungu," anatero powapatsa, "koma chimamera. Kachikolekeni pautsi."

Pobwerera ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, ndikufuna aliyense adziwe kuti ndine mdzukulu wa ndani. Mpaka lero ndimawanyadira agogo angawa.

Panopa Chizungu ndimawerenga, ndipo mbewu zopaka utoto zimandipeza zambiri, zina papepala lodindidwa, zina pafoni. M'khitchini mwanga ndinakoleka chimanga chimodzi chochokera kudimba lija, alendo amaseka. Aseke. Munthu akangondiuza kuti, "Anzanu onse avomera kale, mwatsala ndinu," ndimatambasula dzanja n'kumuuza kuti andithirire pang'ono m'manjamu.