Khutu la Che Sharifu pa Shire

Kunja kukamayera, Che Sharifu amakhala ataswali kale. Amamwa tiyi ndi mbatata, n'kupalasa njinga kuchoka kwawo kufupi ndi Ulongwe mpaka kudooko la Shire, kumene amayendetsa boti la alendo odzaona nyama m'paki ya Liwonde. Asanalize injini amayamba akhala phee m'mbali mwa madzi, atatsinzina, kumvetsera kumene mvuu zalowera pochokera kodya msipu.

Ntchitoyi aigwira zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo safuna ina. Koma diso lakumanzere lachita ng'ala, lakumanja nalo layamba chifunga. Abwana awo amayezetsa maso a oyendetsa maboti chaka ndi chaka, ndipo Che Sharifu akudziwa kuti ulendo uno chiwongolero chiwachoka m'manja.

Loweruka lina kunabwera amayi a Mvano ochokera ku Rivirivi, ambiri aiwo asanakwerepo boti. Atangoona njovu zikumwa madzi kutsidya, anayambitsa nyimbo, m'manja muli wawawa. Che Sharifu anazimitsa injini.

"Amayi, nyimboyo tiyiimike kaye."

"Kodi a Shehe, nyimbo zathu zikukuwawani?" anatero Mayi Emmie, mtsogoleri wa gululo, anzawo n'kuseka.

"Iyayi, mayi. Mulungu wamva kale. Tsopano timve eni ake madzi ano."

A Innocent, amene ntchito yawo ndi kufotokozera alendo za nyama, anayang'ana kutsogolo konse. "Palibe kanthu, madala. Tiyeni."

Che Sharifu anatchera khutu. Iwo anali atamva kampweya kakang'ono kakufwenthera pafupi ndi bango, ndipo mwana wa mvuu sakhala patali ndi mayi wake. Anatenga nkhafi n'kubweza boti pang'onopang'ono. Posakhalitsa madzi anagawikana pamalo penipeni pamene akanadutsa, chimutu cha mvuu chinatulukira, kukamwa yasa! Kamwana kanayandama pambali pake, timakutu tikugwedera.

"Mayo ine!" Mayi Emmie anagwira duku lawo. Kenaka ananong'ona: "Taonani kamwanako, abale. Ngati kankhumba kosamba."

Anakhala pomwepo nthawi ndithu akuonerera mvuuzo. Pobwerera Che Sharifu ndi amene anawauza kuti ayimbe, iwo n'kumagogoda chala pachiwongolero. Potsika amayiwo anawasiyira nthochi ndi mtedza wokazinga.

"Munaiona bwanji, madala?" anafunsa a Innocent akumanga chingwe.

"Sindinaione."

Che Sharifu sadandaula za masowo. Amati maso anachita kubwereka kwa Mwini wake, ndipo aona nazo zokwanira. Chimene sangathe n'kukhala pakhonde Shire akuyenda popanda iwo. N'chifukwa chake mwezi wa Malichi anapempha a Innocent kuti awalembere kalata yopita kwa abwana. Sanapemphe zambiri: akadzawalanda chiwongolero, adzawasiyire kampando kutsogolo kwa boti, azikhala pamenepo n'kumamvetsera.

Kalatayo inalandiridwa. Mpaka lero sinayankhidwe.