Kusambira kwa ku Katoto

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi msuweni wanga, pa kaofesi kena ka kafukufuku ku Mzuzu. Ine wa ku Dedza, Chitumbuka changa chinkathera pa "yewo". Abwana anali a NyaGondwe, mayi osaseka wamba, ndipo anandiuziratu: "Tikukuyesani kaye. Mukalephera tipeza wina."

Ofesiyo inali itafunsa ana a sekondale za kunyumba kwawo: maola owerenga, mtunda wa kusukulu, kuti amadya kangati. Mbali ina kunali malikisi a masamu, Chingerezi ndi sayansi. Yanga inali kuyendetsa canonical correlation mu pulogalamu ya pa kompyuta ya R, njira yoonera ngati magulu awiri a manambala akuyendera limodzi.

Ndinaika za kunyumba mu X, malikisi mu Y, nkulemba cancor, lamulo loyendetsera njirayo. Malodingi, manambala osonyeza mbali imene chilichonse chikukokera, anatuluka. Malikisi anali pulasi, maola owerenga mayinasi, ati mwana wosawerenga ndiye wokhoza. Ndinachotsa mizere yoperewera, ndinabwereza, mayinasi ili pompo. Kutembenuza chizindikiro sikukanathandiza, poti malikisi nawo amatembenuka.

"Mawa ndikauze makolo kuti ana ataye mabuku?" anatero a NyaGondwe. "Mwasokoneza chomene imwe. Ndisanaweruke ndione zolondola."

Ndinachita mantha, sindinama. Nkhomaliro sinalowe.

Pambali panga pankakhala a Mhone, amene anakafunsa anawo. Anali pa foni, ndipo ndinawamva akuti, "Mwana wanga akusambira ku Katoto."

Atadula ndinafunsa mopusa, "Ku Katoto kuli dziwe?"

Anaseka. "Asisi, kuno kusambira ndi kuphunzira."

Ine sindinaseke nawo. "Nanga anawo munkawafunsa bwanji za kuwerenga?"

"Umasambira maola angati. Basi."

Ndinasefa onse oyankha maola ziro. Pafupifupi onse anali ana olankhula Chichewa pakhomo, obwera ndi makolo kuchokera kuchigawo chapakati ndi kummwera, ambiri okhoza bwino. Sananame anawo, sasambira. Nditawapatula nkuyendetsanso cancor, mayinasi ija inasanduka pulasi.

A NyaGondwe anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali. "Msonkhano wa makolo ndiusuntha. Mupite ndi a Mhone mukawafunsenso. Ofunsa mukhale inu."

Ndinakhalitsa pa ofesi ija. Mpaka lero sindiyendetsa chilichonse ndisanamve funso likutuluka m'kamwa mwa amene analifunsa.