Anayankha Ali Pansanja ya Belu

Kwathu kufupi ndi Kaluluma, munthu mmodzi yekha ndiye ankakwera nsanja ya belu ya tchalitchi: kalipentala wa m'mudzi mwathu. Ankalumikiza mitengo ya bulugama ndi linya n'kukwera wopanda nsapato, misomali ili kukamwa. Ine ndikakwera pachigafa cha fodya pokha miyendo imayamba kwaya.

Chaka china cha makuponi a feteleza, mtanda wonyamula belu unafumbwa. Akuluampingo anamuchonderera kuti ausinthe Lachinayi, poti Lamulungu kunkabwera alendo. Lachinayi lomwelo kunafika mlembi wochokera ku boma kudzaitana mayina pabwalo la sukulu, kuseri kwa tchalitchi. Lamulo linali lakuti woitanidwa aimirire pamaso pake. Wosaonekera, feteleza wotchipa amuiwale.

Dzina la kalipentala litaitanidwa, yankho linachokera kumwamba. "Ndilipo, bwana!"

Anthu anaseka. Mlembi anacheuka uku ndi uku.

"Ndi awo pansanjapo," anatero mkazi wa kalipentala uja, atagwada. "Agwira belu ndi chingwe. Akasiya ligwa."

"Mayi, ine ndikulemba alimi, osati akhwangwala. Atsike."

Sakanatsika asanakhomere mtanda watsopano. Tonse tinamva hamala ikufulumira. Mlembi anakhwatcha dzinalo n'kuitana lotsatira.

Akuluampingo amene anamutuma anali pabenchi yakutsogolo. Palibe anatsokomola nkomwe, poti mayina awo anali asanaitanidwe. Langanso linali lisanafike. Ine katswiri wowerenga, amene ndinaphunzira pa nyuzipepala zokulungira zitumbuwa, amene ndimakangana ndi wailesi mpaka batire kutha, tsiku limenelo ndinapeza zambiri zoti ndiwerenge pa zikhadabo zanga. Kuponi ndinalandira.

Kalipentala anatsika pansanjapo galimoto ya mlembi itatembenuka kale, zikhatho zitasupuka ndi chingwe. Wapampando wa mpingo anamugwira paphewa. "Pepani achimwene, Mulungu waona."

"Akanaona bwana uja bwenzi zili bwino," anayankha motsitsa.

Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti tinalipo mudzi wathunthu, aliyense wokhala pampando kapena kugona kuseri kwa chitseko chopalidwa ndi iyeyo, ndipo anthu asanu okha kuimirira n'kumulankhulira kukanakwana. Mvula itagwa, anagulitsa pulena ndi sowo kwa munthu wa ku Nkhamenya kuti apeze thumba limodzi la feteleza, koma linachepa ndi munda. Chimanga chinachita chikasu chisanafike m'chiuno. Chaka chotsatira anakweza banja lake palole, kupita kukakhala tenanti pa esiteti.