Khanda Lobwereka

Kwathu mwana wamkazi sakamba za kuchipinda ndi mayi ake omubereka. Imeneyo ndi ntchito ya alangizi a kumpingo, ndipo alangizi athu uphungu wawo unali umodzi: anyamata ndi moto, musayandikire. Tinkavomera mokweza, koma chaka chimene ndinali Fomu 3 atsikana angapo a m'kalasi mwathu anasiya sukulu ali ndi pakati, ena mwa iwo oimba nawo kwaya. Ine ndinali nditakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ndinali pachibwenzi ndi mnyamata wa Fomu 4 wa mawu otsekemera. Ndinkamukonda, sindinama. Koma sukulu ndinkaikondanso, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndinaganiza zokafunsa za kulera kuchipatala. Vuto linali lakuti zolera ankapereka tsiku la sikelo, pakhonde lomwelo pamene amayi amayezetsa ana awo. Mtsikana wopanda mwana akakhala pabenchi imeneyo, nkhani imafika kumudzi iye asanafike. Anyamata a kabaza a pa Milepa sanyamula anthu okha, amanyamulanso nkhani. Ine ndinkaopa kuti amayi anga akamva andichotsa sukulu n'kundikwatitsa, poti iwo anali mtsogoleri wa amayi kumpingo, munthu wosaseka ndi zopusa.

Mnzanga wina anandipatsa nzeru. "Upite chipatala cha kutali, ndipo ubereke mwana kumbuyo. Wobereka mwana safunsidwa."

Msuweni wanga anali ndi khanda lonenepa la miyezi isanu ndi iwiri. Ndinamuuza kuti ndimusungira mwanayo m'mawa wonse, iye akathyole nandolo mwaufulu. Anandithokoza mpaka ndinachita manyazi. Tsiku limenelo amayi anali atalawira ndi dengu, ati akukagulitsa nandolo kumsika. Ndinatenga chitenje chawo pachingwe, ndinabereka khandalo, ulendo.

Ndinafika amayi a kusikelo atayamba kale kuimba nyimbo zawo za phala ndi katemera. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, mpango nditautsitsa mpaka m'maso, n'kumaomba nawo m'manja ngati ntchembere yeniyeni. Palibe anandiyang'ana kawiri. Ndinadziona wochenjera kwambiri, mpaka pamene khanda linadzuka.

Linayamba ndi kung'ung'udza, kenako linatsegula kukamwa konse. Ndinalitsitsa, ndinaligwedeza, ndinaliimbira, koma ayi ndithu. Chimene ine ndi mnzanga uja tinaiwala n'chakuti mwana akalira pagulu, mayi aliyense amasanduka mlangizi.

"Mpatseni bere mwanayo!"

"Achemwali, kodi simukumva? Muyamwitseni!"

"Atsikana a masiku ano! Akuopa kuti mabere agwa."

Thukuta linali kamukamu. Khanda linali likulirabe m'manja mwanga, benchi yonse ikundiyang'ana. Pamenepo mayi wina amene anakhala kutsogolo, atadziphimba mpango ngati ine, anatembenuka. Anayang'ana khanda, anayang'ana chitenje, kenako anayang'ana ine. Anali amayi anga, dengu lawo la kumsika lili pamapazi.

Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Koma nawonso ndinawaona akukokera mpango kumaso, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti benchi yakutsogoloyo inali ya odikira jakisoni wolera. Tonse awiri tinathawa maso a anthu a kwathu, n'kudzakumana pakhonde limodzi.

Anaimirira, anandilanda khanda, natulutsa nthochi m'dengu. "Musiyeni, ndi mwana wanga uyu, wandiperekeza," anawauza amayi aja. Khanda litangolawa nthochi, linangoti chete. Ine sanandilankhule. Analankhula ndi khandalo.

"Iwe, tiye tikakhale pansi pa mtengo apo. Amene anakubweretsawa uwauze kuti akhale pamalo pangapa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Nthawi yanga itakwana, ndinalowa m'chipinda. Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, ndipo anatseka chitseko asanandifunse kanthu. Anafunsa zaka zanga, anafunsanso ngati pali amene akundikakamiza. Ndinati ayi. Ndiye ndinakhuthula mantha anga onse: kuti jakisoni amaumitsa chiberekero, kuti mapilitsi amaunjikana m'mimba, kuti wolera asanabereke sadzaonanso mwana. Sanandiseke. Anandiyalira njira zonse patebulo n'kufotokoza imodzi ndi imodzi, ubwino wake ndi zovuta zake, ndipo anati chiberekero changa chidzandidikira. Anandichenjeza kuti jakisoni sateteza matenda, nandipatsa makondomu. "Komanso kukana ndi njira," anatero. "Mnyamatayo akakhala wanzeru, ubwere naye ndidzacheze naye." Ndinatuluka nditapepukidwa ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Amayi nawo analowa, natuluka, ndipo tinauyamba wobwerera. Khanda anabereka iwo, ine ndinasenza dengu. Njira yonse nkhani inadzera mwa khandalo.

"Iwe, uwafunse akumbuyowo, mnyamatayo ndi wa kwa yani?"

Ndinaliyankha khandalo.

"Amakhoza m'kalasi, kapena ndi mano oyera okha?"

"Uwauze kuti amakhoza," ndinatero. Kenako ndinalimba mtima. "Uwafunsenso kuti kumsika nandolo anayenda bwanji lero."

Amayi anaima. Ndinati lero ndafa. Koma mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaphulika kuseka mpaka anagwira mtengo wa m'mbali mwa njira. Nanenso ndinaseka mpaka dengu linagwa. Khanda, posadziwa kanthu, linaseka nawo ndi nkhama zake. Chibadwire ndinali ndisanasekepo chotero ndi amayi anga, ndipo ndinasangalala kwambiri.

Titayandikira kumudzi anapukuta misozi, nakonza chitenje, nalankhulanso ndi khanda motsitsa mawu.

"Ine ndinasiyira Sitandade 8, ndili woyamba m'kalasi. Panalibe wondiuza kuti kuli khonde ngati lija. Sindidandaula, poti katundu amene ndinasenza ndi ameneyu akuyenda kumbuyoyu, ndipo ndimamunyadira. Koma iye amalize."

Anamasula khandalo kuti ndikalibweze kwa mayi wake, amene anali atayamba kale kulifunafuna. Pondipatsa anandiyang'ana m'maso, ine mwini, osati khanda.

"Tsiku lobwerera kuchipatala tidzapitira limodzi, mwana wanga. Ana a eni uziwasiya."