Ndinachedwetsa Ulendo Wokaona Nangumi Mpaka Maso Awo Anatha

Inu owerenga, ine ndinamana amuna anga chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha pa banja lathu lonse. Sindinawakanize mwachipongwe ayi. Ndinkangoti chaka chamawa, ndipo mawu amenewo ndi amene akundidya lero.

Tisanabwere kuno ku Glasgow, amuna angawo, bambo a Tadala, ankaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina ku Dedza. Akafika pa mutu wa nyanja zikuluzikulu ankaiwala kuti belu lalira. Ankajambula nangumi pabolodi, kufotokoza mmene amatulukira m'madzi ndi mmene amapumira, chonsecho nyanja yamchere anali asanaionepo.

Ine nditapeza ntchito yosamalira okalamba, tinakhazikika ku Govan, dera lina la mzindawu, iwo n'kumalongedza katundu m'sitolo ina. Loweruka lililonse, kaya kukhale mvula, ankatenga magalasi oonera patali n'kupita m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kukayang'ana mbalame. Ndinkawaseka kuti mkulu wa mpingo wathunthu akutha nsapato chifukwa cha mbalame zolanda anthu tchipisi.

Pempho lawo linali lakuti tikamapita kumudzi pa tchuthi, tidzadzere ku gombe la Mozambique mwezi wa Ogasiti, pamene anangumi amayandikira kumtunda, akaonenso mbalame za m'nyanja zimene ankangoziona m'mabuku. Koma tchuthi cha Mmalawi mukuchidziwa. Chaka chino chiliza cha amalume, chinacho ukwati wa mng'ono wanga, chinacho kukaona ngati amisiri afolera nyumba ku Lilongwe. Ndinkaopanso pakamwa pa abale. Akadzamva kuti tinayamba takaona nsomba tisanakagwade kumanda, adzatiyesa anthu otani? Amuna anga sankalimbana nane. Ankangoti chabwino mayi, n'kubweza magalasi aja m'chikwama.

Matenda a shuga anali nawo kale, ndipo anayamba kuwadya maso pang'onopang'ono. Ine wosamalira odwala a eni, wanga m'nyumba sindinamuonetsetse. Tsiku lina ndinawapeza pawindo akupukuta magalasi aja mobwerezabwereza, ati ada. Anali oyera mbee. Madokotala anayesetsa, koma pomwe ndinkadzidzimuka n'kugula matikiti, n'kuti akungosiyanitsa kuwala ndi mdima basi.

Tinapitabe. Tinakwera boti limodzi ndi alendo ena, mbalame zikulira pamwamba pathu, iwo n'kumatchula zina mayina pongomva kulira kwake. Anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndikhale maso awo. Koma ine nyanja inandikana. Mafunde atakula ndinachita chizungulire, ndinazika mutu mu ndowa n'kusanza mpaka ndulu. Nthawi yomweyo anthu anakuwa, kenako kunamveka chiphokoso ngati khoma lagwa, madzi n'kutiwaza. Pomwe ndinkadzutsa mutu panali thovu lokhalokha. Nangumiyo sanatulukenso, ndipo masiku otsatirawo mphepo inaletsa maboti.

Tili m'boti momwemo anandifunsa kuti anali wotani. Abale anga, ndinanama. Ndinafotokoza msana wakuda, mimba yoyera ya mizeremizere, zipsepse zazitali, ndi mchira wotseguka ngati buku. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anayankhula chapansipansi.

"Mayi a Tadala, zimenezo ndi zimene ndinkaphunzitsa Folomu 2. Za bukuzo ndi mawu anga. Inunso simunamuone, eti?"

Iwo anayamba kundisisita kumsana, ngati wofunika kupepesedwa ndinali ine. Bola akanandikalipira, mwina mtima ukanapepuka.

Titabwerera ku Govan anandituma kuti ndikasiye magalasi aja kusitolo ya zachifundo. Za mbalame satchulanso. Zikalira padenga m'mawa, amangotembenukira kukhoma. Nyumba ya ku Lilongwe inatha, ndi yokongola ndithu, koma mwini wake sadzaiona. Abale amene ndinkawaopa aja palibe ndi mmodzi yemwe amene amadziwa kuti panali pempho lotere. Madokotala anandiuza mosabisa kuti maso sadzabwerera, ndipo ine ndasiya kudzinamiza. Mwezi watha ndinayesa kuwauza kuti tidzapitenso, ndidzamwe mankhwala a nseru, ndidzayang'anitsitse m'malo mwawo. Anamwetulira n'kundiyankha ndi mawu anga omwe aja, akuti chaka chamawa.

Inu owerenga, makamaka anzanga amene tili kunja kuno, maliro ndi maukwati sizidzatha, ndipo njerwa zimadikira. Ngati mnzanu wa m'nyumba ali ndi kanthu kake kamene amakalakalaka, ngakhale kakuoneka kachibwana, musafunse kuti abale adzati chiyani. Mutengeni mupite naye akadali ndi maso. Ine ndinawafikitsa amuna anga pamene panali nangumi, koma ndinawafikitsa mochedwa, ndipo pa awirife palibe amene anamuona.