Jekete ya Miyoyo Itatu

Lachiwiri, ku Kawale. Ndanama, ndipo nkhuku imodzi ya bodzalo tadya kale.

Kunyumba yoonetsera vidiyo kuseri kwa msika anabweretsa gemu ya pa TV. Msilikali wa m'gemumo akagula jekete ya chikopa cha chinjoka, moto sumuwotcha ndipo amapatsidwa miyoyo itatu. Ine ndinangoonerera pazenera.

Tsono mnzanga Thoko ataseka jekete yanga ya pa kaunjika, yosupuka m'zigongono, ndinamuuza kuti ndi yomweyo ya m'gemu. Ndinawonjezera kuti inasokedwa ndi mfumukazi yakhungu ndipo mtengo wake ndi thumba la golide. Kumene ndinaitenga mfumukaziyo sindikudziwa.

Loweruka kunabwera amalume ake a Thoko, a Chimbalanga, omwe ndi alonda, atamva za jeketeyo kwa Thoko. Ananyamula nkhuku ziwiri.

"Mayi, golide ndilibe," anatero kwa amayi anga. "Koma ntchito yathuyi moyo umodzi sukwana."

Amayi sanamvetse, koma nkhuku anazimvetsa. Ine ndinali pomwepo, ndikutsuka mbale imodzi yomweyo mpaka inang'anima.

Chigulireni jeketeyo, a Chimbalanga asiya kunyamula chibonga. Dzulo ndinapita kukaulula, mawu onse nditawakonza bwinobwino m'njira. Ndinawapeza akumanga nsanza pamwendo, galu wa abwana awo atawaluma. Jekete ili m'thupi, zipi yosatsekeka pamimba.

"Iwe mwana wa sukulu, umadziwa masamu," anatero mokondwa. "Pamenepa miyoyo yatsala ingati?"

Ndinayang'ana pansi. "Iwiri, amalume."

Anamwetulira, nanyamuka ulendo wa kuntchito chimanjamanja.