Wa Kachewere Amene Amawerenga Zithunzi za Satelite

Tsiku limene zotsatira za ezame, mayeso a kumapeto kwa chaka, zinamatidwa pakhoma ku Ulongwe, Joaquina anayamba kufufuza dzina lake pamwamba, n'kukalipeza pansi penipeni. Anali atalepheranso kalasi ya khumi. Masamu anakhoza, sayansi anakhoza, koma Chipwitikizi chinamugwetsa chagada.

Mlandu sunali wake. Makolo ake anathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo ndipo anachedwa kubwerera. Iye anabadwira komweko, sukulu n'kuyamba m'Chingerezi. Kuno kwawo, kumene amaphunzitsa m'Chipwitikizi, akangotsegula pakamwa m'kalasi, anzake ankafa nako kuseka. Ana asukulu mukuwadziwa inu, chisoni amachisiya kunyumba.

Bambo ake, a Hermínio, sanakalipe. Anangoti, "Mwana wanga, sukulu yakukana. Uzigulitsa kachewere mpaka tikolole chimanga. Tikakolola upita ku Tete, azakhali ako akupezera ntchito ya m'nyumba."

Joaquina analira, chifukwa sukulu ankaikonda.

Tsiku lina pamsika wa ku Domwe panafika a Tarsisio, purofesori wake, mphunzitsi wa masamu. M'malo mogula, anamupatsa telefoni kuti aone chilengezo. Bungwe lina linkafuna achinyamata akumidzi, makamaka atsikana, kuti liwaphunzitse kuwerenga zithunzi za satelite, makina ozungulira mumlengalenga amene amajambula minda, mitsinje ndi mitambo. Digiri silinkafuna, linkangoyesa masamu. Koma maphunziro onse anali m'Chingerezi.

"A purofesori, zimenezo n'za ana a ku Maputo. Ine wa kachewere?"

"Tawerenga kaye apa, mokweza."

Anawerenga mpaka kumapeto osapunthwa. A Tarsisio anawomba m'manja pakati pamsika.

"Ana anga onse anzeru agwira njakata pa mzere woyamba. Chingerezi chimene ankakusekera chija ndiye khasu lako. Lima nacho!"

Musaganize kuti zinayenda ngati madzi. Telefoni inali yobwereka, ndipo inkagwira bwino pachulu chokha, kuseri kwa msika. Joaquina ankakhala pamenepo mphepo ya kuno ikumulowa m'mafupa, amayi a pamsika akumugulitsira kachewere wake. Pa ezame yoyamba batire linatha ali pakati. Anatsika pachulu manja ali lende.

Apa ndiye ine ndimavulira chipewa anthu a bungwelo. Atamva kuti kwawo kulibe magetsi, sanamuuze kuti wachedwa. Anamupatsa tsiku lina.

Chimanga chinakololedwa, azakhali n'kutumiza uthenga kuti bwana akudikira. Chikwama chili chomangamanga, yankho linafika: wakhoza, abwere adzaphunzire, ulendo ndi malo ogona n'za bungwelo.

A Hermínio anafunsa, "Ndiye kuti uziuluka?"

"Ayi, bambo. Ambiri a ntchitoyi sachoka pansi. Ndizikhala pampando, n'kumaona minda kuchokera kumwamba."

"Ndi munda wanga womwe?"

"Ndi wanu womwe."

"Ukaona kuti sindinapalire, usawauze amako." Anaseka, misozi ikutsika. "Masula za ku Tete zija, mwana wanga. Ndinafulumira."

Lero Joaquina amagwira ntchito pa kampani ina yowerenga zithunzizo. Amaona kumene mbewu zayamba kufota, uthenga n'kufika kwa alimi zinthu zisanaipe. Chipwitikizi anachiphunzira pang'onopang'ono. Kuntchito anaumirira kuti maphunzirowo azilengezedwanso m'Chinyanja pa wailesi, ndipo atsikana ena a ku Lifidzi alowa kale.

Mukamuyamikira amakana. Amati mutu umodzi susenza denga, n'kuyamba kutchula a Tarsisio, amayi a pamsika, ndi mlendo wa ku bungwe lija amene anati, "Yesanso."

Inu amene muli ndi makiyi a ntchito zoterezi, tsegulani zitseko, ana anzeru ali m'misikamu. Ndipo iwe amene wagwa ezame, kugwa si kufa. Dzuka, sasa fumbi. Osataya mtima.